Agogo Asamangokhala Pansi: Kuyenda Mosinthasintha Liwiro Kumabweza Mphamvu

M'mabanja ambiri timaona ngati kulemekeza agogo n'kuwauza kuti, "Khalani pansi, tichita ndife." Koma minofu yosagwira ntchito imaphwa msanga. Mapeto ake agogo amavutika kudzuka pampando, amagwaigwa, n'kuyamba kudalira ena pa chilichonse.

Zizindikiro za kufooka

Kuwonda popanda chifukwa, kutopa nthawi zonse, manja osagwira chinthu molimba, kuyenda mochedwa kusiyana ndi kale, ndi kungokhala tsiku lonse. Zitatu mwa izi zikaoneka, thupi lafooka ndipo likufuna thandizo.

Zimene kafukufuku anapeza

Ku Shinshu University ku Japan, achikulire ankayenda ndawala mphindi 3, kenako pang'onopang'ono mphindi 3, mobwereza kasanu, masiku 4 pa sabata. Patatha miyezi 5, ntchafu zawo zinalimba ndipo kuthamanga kwa magazi kunatsika kuposa kwa anzawo oyenda liwiro limodzi. Ku Trondheim ku Norway, kafukufuku wa zaka 5 pa anthu 1,567 a zaka 70 mpaka 77 anaonetsa kuti ochita masewera amphamvu mopumirapumira anali ndi mtima ndi mapapo olimba kuposa anzawo.

Mmene mungayambire

- Tenthetsani thupi poyenda pang'onopang'ono mphindi 5.
- Yendani ndawala mpaka mpweya ukwere moti simungathe kulankhula chiganizo chachitali. Wofooka ayambe ndi theka la mphindi.
- Yendaninso pang'onopang'ono mpaka mpweya ukhazikike, kenako bwerezani.
- Onjezerani nthawi pang'onopang'ono mpaka mufike mphindi 3.
- Dzukani pampando n'kukhalanso kangapo, ndipo imani ndi mwendo umodzi mutagwira khoma. Bungwe la World Health Organization limalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuchita masewera olimbitsa miyendo ndi oteteza kugwa masiku 3 kapena kuposa pa sabata.

Chenjezo

Ngati muli ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kapena munagwapo posachedwa, yambani mwafunsa kuchipatala. Yendani pamalo osaterera, dzuwa lisanawawe, mutamwa madzi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala.

Ana ndi adzukulu, musawaletse agogo kuyenda. Aperekezeni, muziwawerengera mphindi, ndipo yambani nawo sabata ino.