Phunziro 9: Ulendo wa ku Nyika

Kodi munamvapo za Nyika? Limeneli ndi phiri lalikulu la m'chigawo cha kumpoto. Pamwamba pake si posongoka ngati mapiri ena. Ndi potambalala, pa zitunda za udzu zokhazokha. Mu 1965 boma linasandutsa malowa kukhala paki, ndiko kuti malo osungirako nyama zakutchire. Pa mapaki onse a m'Malawi muno, yoyamba ndi imeneyi, yaikulunso ndi yomweyi.

Ine ndinapitako mwezi wa Juni ndi aphunzitsi anzanga a sukulu za kwacha. Tinasonkha ndalama n'kupeza galimoto. Mafuta tinamwetsa pa Rumphi, ena n'kudzaza m'chigubu. Tinadutsa pa Bolero, kwa a Chikulamayembe, mpaka kufika pa chipata cha Thazima. Pamenepo tinalembetsa maina ndi kulipira. Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja. Tsono musamati paki ndi ya azungu okha, ayi.

Kuchoka pa chipata kufika pa Chelinda, pamene pali nyumba za alendo, ndi makilomita pafupifupi 60. Koma ife tinatha maola atatu. Msewu unali wafumbi, wokhotakhota, chitunda chokhachokha. Tili pakati pa chitunda, madzi a mu injini anawira. Mnzathu wina anathamanga kuti akatsegule. Adalaivala anakuwa nati, "Aphunzitsi, musakhudze pamenepo, mupsa nkhope!" Tinadikira kuti injini izizire, kenaka n'kuthira madzi ena.

Tikukwerabe, mitengo ya masuku inatha. Kunatsala udzu ndi thambo basi. Tinaona mbidzi, nchefu ndi achilembwe zikudya m'mbali mwa msewu. M'paki galimoto imayenda pang'onopang'ono, chifukwa nyama imadumpha msewu osachenjeza.

Za kuzizira anandiuza ndisananyamuke, koma ndinanyozera. Ndinatenga juzi imodzi yokha. Usiku umenewo sindinagone. M'mawa udzu unali mbuu, woyera ndi chisanu. Nyika ndi pamwamba zedi: nsonga yake, Nganda, ndi yopitirira mamita 2,600.

Nanga malo ozizira chotere boma likuwasungiranji? Kodi ndi chifukwa cha mbidzi zokha? Funso limeneli tinafunsa bambo wina wolondera nyama. Iwo anatitengera ku dambo nati tiponde pansi. Tinaponda, ndipo madzi anatuluka, chonsecho mvula inali italeka kale. Udzu ndi madambo a pa Nyika zimamwa mvula ndi kuisunga. Kenaka madziwo amatsika pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje monga Wovwe, Runyina ndi North Rukuru imayambira pamenepa. Madzi a Wovwe amapanga magetsi, amathiriranso mpunga m'boma la Karonga. Mlimi wa mpungayo mwina Nyika sanapondepo, koma akudya za m'phirimo.

Mdani wa madambowa ndi moto wolusa. Moto wa mu Okotobala umapsereza udzu mpaka kumizu, nthaka n'kutsala pamtunda. Mvula ikabwera imangothamanga ndi dothi. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'paki amatentha okha zigawo zina mvula ikangotha, udzu usanaumitsitse. Moto wotere sulusa.

Pali nkhani ina imene sitiyenera kubisa. Mu 1978 boma linakuza pakiyi, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa. Anasiya minda ndi manda a makolo awo. Pobwerera tinaima pa mudzi wina kunja kwa chipata kuti tigule uchi. Agogo amene anatigulitsa analoza kuphiri nati, "Ine ndinabadwira uko." Tonse tinakhala chete. Uchi wawowo unachokera m'ming'oma imene amaipachika m'paki momwemo atapatsidwa chilolezo.

Mafunso

1. Kodi Nyika inakhala paki m'chaka chiti?
2. Lembani maina a mitsinje iwiri yoyambira pa Nyika.
3. Injini ikawira, kodi woyendetsa galimoto achite chiyani?
4. Kambiranani: mtsinje wa kwanu umayambira kuti? Nanga kumeneko kukali mitengo ndi udzu?