Chopukusira Chimanga Chapamanja: Kachida Kopumulitsa Zala Nthawi Yokolola

Chimanga chikalowa m'mudzi mu Meyi ndi Juni, manja amaona zakuda. Mphepo ya mwera imakhala itayamba kuwomba, khungu latuwa kale mbuu. Banja likakhala pamphasa kutong'ola chimanga tsiku lonse, chala chamanthu chimatuluka matuza, nsonga za zala n'kung'ambika. Amene amavutika kwambiri ndi amayi, chifukwa manja omwewo akuyembekezeredwa kumtondo, kuchitsime ndi kochapa.

Ena pothawa ululu amathira chimanga m'thumba n'kumachimenya ndi mtengo. Njirayi imaswa maso a chimanga, ndipo chimanga chosweka sichichedwa kugwidwa ndi anankafumbwe komanso chuku.

Chopukusira chapamanja chimachepetsa mavuto onse awiriwa. Ndi kachitsulo kozungulira konga chitini chobowoka mbali zonse, kamene mkati mwake muli mizere yotumphuka. Mlimi amakagwira ndi dzanja limodzi, kulowetsamo chimanga chosenda makoko ndi dzanja linalo, n'kupotokola. Mizere ija ndiyo imakwatula maso a chimanga m'malo mwa zala. Theka likatha, amatembenuza chitsononkho n'kumalizitsa mbali inayo.

Akatswiri a D-Lab pa yunivesite ya MIT ku America adakonza mtundu wina wa kachidaka wopindidwa kuchokera ku lata, kotero mmisiri wokhoma ndowa atha kukapanga ataona chitsanzo. Chofunika n'chakuti m'mphepete mwa lata mupindidwe bwino kuti musacheke chikhatho, ndipo kukula kwa bowo kugwirizane ndi chimanga cha m'deralo.

Palinso chopukusira chokhala ndi chogwirira chozungutsa, chomwe amachimangirira pathabwa kapena pabokosi. Ichi n'chachangu koposa, ndipo chimayenera alimi a m'kalabu amene angasonkherane ndalama n'kumabwerekana.

Zida zonsezi zimafuna chimanga chouma bwino, chinyezi chake chisapitirire 13 peresenti. Poyesa, mlimi amaika chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, kutseka, n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Komabe kachidaka pakokha sikachiza manja othetheka kale. Akaweruka, mlimi asambe m'manja ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosambira, osati waufa wochapira zovala, chifukwa ameneyu amachotsa mafuta achilengedwe apakhungu. Manja asanaumiretu adzole Vaseline, amene amatsekera chinyezi m'khungu, ndipo adzolenso pogona. Mng'alu wozama autsuke n'kuuphimba ndi pulasitala kuti musalowe fumbi. Pothira mankhwala osungira chimanga monga Actellic avale magolovesi a labala, pakuti khungu long'ambika limalowetsa mankhwala mosavuta.

Chala chikatupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, asazengereze kupita kuchipatala. Odwala shuga ayenera kusamala koposa poti mabala awo amachedwa kupola.

Wofuna kachidaka afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake kapena ogulitsa zipangizo zaulimi. Ntchito ikatha, kapukutidwe, kapakidwe timafuta pang'ono n'kupachikidwa pouma kuti kasachite dzimbiri pofika chaka chamawa.