Njinga ikuwotcha miyendo: kodi ndiziithirabe madzi?

FUNSO

A Makaniko,

Ndine mnyamata wa kabaza kuno ku Naisi. Njinga ndi ya abwana anga, Lifo ya 150, ndipo yatha chaka ndi miyezi ingapo. Ndimanyamula anthu opita ku Chinamwali ndi m'tauni ya Zomba, tsiku la msika ndimaswera pa Songani, nthawi zina ndimakatenga matumba a mpunga kumunsi kwa Domasi. Chiyambire September injini ikutentha kwambiri moti fungo la oyilo wopsa limamveka, makasitomala n'kumadandaula kuti ikuwawotcha miyendo. Pachitunda mphamvu imatha, mkati n'kumalira kuti ngwe-ngwe-ngwe. Ndikafika pamtsinje wa Naisi ndimaima n'kuithira madzi. Imazizira, koma ndisanapite patali yayambanso. Oyilo ndimawonjezera akachepa. Mafuta siidya ambiri ayi, poti mnzanga wina pa siteji anandikonzera kabuleta n'kuchotsanso kasiponji kamene kanang'ambika. Anzanga ena akuti ndigule oil cooler, ena akuti ndimangirire kafani kogwiritsa ntchito batire. Chabwino n'chiti? Nanga madziwa akuwononga kanthu? Abwana sindinawauze.

Wodandaula, Naisi, Zomba

YANKHO

Achimwene,

Za madzi ndi za kafani zidikire kaye. Kalata ngati yanuyi imabwera chaka chilichonse dzuwa likayamba kuswa mtengo, ndipo aliyense amaloza dzuwa. Dzuwalo likuwomba njinga zonse pa siteji yanu, nanga bwanji ikununkha ndi yanu yokha? Ine ndaima pa mawu amene mwawalemba mongodutsa, ngati nkhani yabwino: mnzanu anakukonzerani kabuleta n'kuchotsa siponji. Mnzanuyo sanakonze kanthu. Anaimana injini petulo, n'kuitsegulira khomo loti fumbi lizilowa.

Njinga yanu ilibe rediyeta. Zoiziziritsa ndi mphepo yomenya zipsepse zija zozungulira silinda ndi hedi, oyilo wozungulira mkati, komanso petulo yemweyo. Za petuloyu anyamata a pa siteji amakana kukhulupirira. Kuti petulo apse yense, gawo lake limodzi limafuna magawo 14.7 a mpweya, tikayeza kulemera. Koma opanga injini zotere sasiyira pamenepo. Mukakoka mafuta onse, kabuleta imathira dala petulo wochulukirapo, gawo limodzi pa magawo 12 kapena 13 a mpweya, kuti wotsalayo akamasanduka nthunzi azichotsa moto pa pisitoni ndi pa mavavu. Petulo ameneyu ndiye amene mnzanu anamuona ngati wongotayika. Ndikudziwa zimene anachita ngakhale sindinaone: anatsitsa singano ya mu kabuleta posuntha kakilipi kupita pamzere wapamwamba, mwina n'kupotozanso sikulu ya mpweya. Atachotsa siponji, mpweya unayamba kulowa wopanda choutchinga. Mpweya wachuluka, petulo wachepa. Munakupizapo mbaula, mukudziwa chimene chimachitikira makala.

Onjezani apo kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Ethanol wa ku Dwangwa anayamba kupangidwa mu 1982, wina amachokera ku Chikwawa. Ethanol si woipa, koma amabwera ndi okosijeni wake, ndiye kabuleta imene inapangidwira petulo wosasakaniza imakhala yatsamira kale kumbali yochepa mafuta. Malo oti munthu achepetsenso palibe.

Phokoso lija la ngwe-ngwe-ngwe musalizolowere. Ndi mafuta amene akuphulika okha nthawi isanakwane chifukwa cha kutentha, n'kumamenya pamutu pa pisitoni. Pisitoniyo ndi ya aluminiyamu. Amasungunuka pa madigiri 660, koma amayamba kufooka asanafike n'komwe pa theka la pamenepo. Amafufumanso kuwirikiza kawiri kuposa chitsulo cha mkati mwa silinda. Mphamvu imene mukuti imatha pachitunda ija, nthawi zina ndi pisitoni imene yatupa, ikukhula khoma. Tsiku lina idzagwira mukuthamanga, tayala lakumbuyo n'kuuma pamsewu wa M3, kumbuyo kwanu kuli mayi wobereka mwana ndi lole yochokera ku Liwonde. Ichi n'chimene chikundidetsa nkhawa, osati miyendo ya makasitomala.

Sindikukunenani kuti ndinu opusa. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi usiku umodzi, ndipo tageti ya abwana sinatsike. Kuchokera pamenepo ndaona makabuleta ambiri opotozedwa kuposa kale lonse. Koma timadontho timene mukupulumutsato werengerani pamodzi ndi mtengo wa pisitoni, maringi, magasiketi, kubowoletsa silinda ku Limbe kapena kugula ina, ndi masiku amene njinga idzakhale pagalaja inu muli manja lende. Ndipo mukasowa mafuta n'kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, dziwani kuti ena amathiramo palafini. Palafini ndiye amakulitsa phokoso lija kotheratu.

Siponji. Njira zochoka pa tala kulowa m'midzi ya ku Naisi ndi zotsikira ku Chilwa mukuzidziwa m'chilimwe. Fumbi lonse limene mumalavula madzulo, injini ikumeza loposa pamenepo, ndipo fumbi ndi mchenga wosalala umene umapala maringi ndi silinda. Mwandiuza nokha kuti oyilo amachepa. Akupita kuti? Akudutsa m'maringi operepeseka n'kukapsa pamwamba. Siponji ndi chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa njinga imeneyo. Gulani yake yeniyeni, osati chidutswa cha matiresi, muinyowetse ndi oyilo pang'ono, mufinye, muike. Sabata iliyonse ichapeni.

Ndaonanso kuti mwati mumawonjezera oyilo, koma simunanene kuti munakhetsa liti. Injini yonseyo imasunga pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo lita yomweyo ikusamala pisitoni, magiya ndi klatchi. Akamagwira ntchito pakati pa madigiri 80 ndi 110 alibe vuto. Akapyola 120 amapyapyala n'kuyamba kupsa, ndipo akatswiri a oyilo amawerengera kuti madigiri 10 alionse owonjezera amadula moyo wake pakati. Wanuyo, amene wafika ponunkha, anatha kalekale. Kuthira watsopano pamwamba pake n'kungomuwononga watsopanoyo. Khetsani yense, mutsuke kasefa kali pansi, muthire 20W-50 wa njinga wa m'botolo lomata. Pabotolopo yang'anani malemba oti JASO MA. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amapangitsa klatchi kutsetsereka, ndipo klatchi yotsetsereka imawotcha oyilo yemweyo. Wa m'mabotolo a zakumwa uja, amene ogulitsa ake sangakuuzeni kumene wachokera, ine sindingathire ngakhale pa tcheni. Mabuku a njinga amatchula makilomita ambiri, koma kwa wa kabaza wa m'fumbi ine ndimati pakati pa 1,000 ndi 1,500. Ena amati ndimawonjeza. Aziti choncho.

Tsopano madzi anu aja. Lekani lero. Ndikudziwa yankho la pa siteji: nanga mvula siinyowetsa injini? Mvula imagwa pang'onopang'ono, paliponse, pa injini imene ikuyenda pa kutentha kwake kwa masiku onse. Inu mukukhuthulira chigubu cha madzi ozizira ochokera m'phiri mbali imodzi ya hedi imene mwina yafika madigiri 200. Kunja kumakhwinyata msanga, mkati mudakali motupa. Sikuti imasweka tsiku loyamba, n'chifukwa chake anthu amalimba mtima. Imapindika pang'onopang'ono, gasiketi n'kuyamba kutulutsa mpweya, mabawuti n'kukhwepa, nthawi zina pulagi n'kung'aluka. Choseketsa n'choti madziwo amangoziziritsa zipsepse zakunja. Pisitoni ndi oyilo sizimva kwenikweni. N'chifukwa chake musanafike pa Chinamwali yayambanso. Ikatentha, imani pamthunzi pamene pakupita mphepo, muzimitse, mudikire mphindi 15 kapena 20. Madzi ntchito yake ndi m'mawa injini ili yozizira, kuchotsa matope m'zipsepse ndi kaburashi. Mvula ikayamba, dothi la makande la kumunsi kwa Domasi limamata m'mipata imeneyo n'kuuma gwa, mphepo osadutsanso.

Oil cooler ndi kafani? Ndalama zanu, koma mwandifunsa ine. Kafani kadzakutherani batire popanda mphepo yoti n'kufanana ndi imene mumapeza poyenda pa liwiro la 40. Oil cooler yotchipa imabwera ndi mapaipi amene amadontha, ndipo pa injini ya lita imodzi paipi ikaphulika oyilo amatha musanazindikire. Ambiri mwa ma 125 ndi ma 150 a ku China amene adzaza m'misewu yathu anatengera injini ya Honda CG125 ya mu 1975. A Honda anaipanga dala kuti ikapirire m'maiko otentha, kumene anaona kuti anthu amanyamula katundu wopyola muyezo ndipo sasintha oyilo. Ikugwira ntchito ku Brazil, ku Pakistan, ngakhale ku Nsanje popanda fani. Ikatentha pa Naisi, pamene pali kamphepo ka m'phiri, ndiye kuti wina waichita chipongwe.

Zimenezi zandikumbutsa mnyamata wina amene anabwera pagalaja akukankha njinga yatsopano, mapepala apulasitiki asanachoke n'komwe pampando. Anali waukhondo, ndipo ukhondowo ndi umene unamupweteka. Poopa kuti matope azidetsa mathalauza a makasitomala ake, aphunzitsi ndi anamwino, anadula chidutswa cha kapeti ya galimoto n'kuchimangirira kutsogolo kwa injini, kuchokera pansi pa thanki mpaka kumunsi. Anachikongoletsa ndi timagalasi ndi mawu a m'Baibulo. Kenaka anapenta zipsepse ndi penti yofiira ya mafuta, yokhuthala, kuti zifanane ndi thanki. Atapeza hayala ya ku Liwonde mu November, anapita bwinobwino poti n'kotsetsereka. Pobwerera ananyamula bambo wina wonenepa ndi thumba la chimanga, nayamba chikweza cha ku Machinga masana dzuwa lili paliwombo. Anandiuza kuti anamva phokoso koma anawonjezera wailesi. Titatsegula hedi tinapeza pisitoni ili ndi bowo loti chala n'kulowa. Chimene chinandipweteka n'choti ankalimbikira kuti amulodza anzake a pa siteji chifukwa cha nsanje, ndipo anali atapita kale kwa sing'anga asanabwere kwa ine. Ndinamuonetsa kapeti, iye n'kumati kapeti ingabowole bwanji chitsulo. Tinakangana mpaka mwini njinga anafika. Ameneyo sanafunse zambiri, anangotenga makiyi. Ngati pa njinga yanu pali chilichonse chotchinga pakati pa tayala lakutsogolo ndi injini, chikwangwani, chigubu, chikwama cha zida, chotsani.

Kayendetsedwe nakonso. Anyamata ambiri amakwera chitunda pa giya yaikulu, mafuta atakoka onse, injini ikubuula, poganiza kuti akusunga petulo. Pamenepo ndi pamene moto umachuluka, mphepo ili yochepa, pampu ya oyilo ikuzungulira mwaulesi. Tsitsani giya, injini izungulire momasuka. Matumba a mpunga a makilogalamu 50 akakhala atatu, inu wachinayi, mwapyola zimene njinga ya 150 inapangidwira; pitani kawiri. Pa Songani podikira kasitomala zimitsani, chifukwa njinga yoima ilibe choipepesera. Koma potsika ku Ku Chawe musazimitse injini ngati amachitira ena. Mabuleki okha amatentha n'kuleka kugwira musanafike m'tauni.

Mukapita kwa makaniko, osati mnzanu uja, akabweze singano pamzere wapakati ndi kuona ngati jeti sinasinthidwe kapena kutsekeka. Aone kamphira kolumikiza kabuleta ndi hedi, chifukwa kakang'aluka kamayamwa mpweya wakuba. Ayeze mavavu injini ili yozizira, ndi feeler gauge, osati ndi khutu. Pa injini zimenezi mpata umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm malinga ndi mtundu. Vavu ya ekizozi imazizira makamaka ikakhala pansi n'kukhudza hedi, ndiye ikathina imapsa. Pulagi ikhale ya nambala yake. Zambiri za mtundu wa CG zimafuna D8EA, ndipo pa mapulagi a NGK nambala ikatsika pulagi imakhala yotentha kwambiri, choncho musalole kuti akuikireni ya 6 poti ndi imene ilipo.

Abwana auzeni sabata ino, mudakali ndi nkhani ya siponji ndi oyilo. Ikanoka, nkhani idzakhala ya amene alipire, ndipo pa milandu yotere sindinaonepo wokwera akupambana.

Musanapite kulikonse, chitani ichi mawa. Kwerani chitunda chimodzi monga mwa masiku onse, muzimitse pamwamba pomwepo, mudikire izizire ndithu, poti pulagi yomasula hedi ili yamoto imadya mazinga. Mukaimasula musaipukute. Ikakhala yofiirira, mafuta ali bwino ndipo vuto tikalifune ku mavavu ndi ku oyilo. Ikakhala yoyera mbuu, kapena ili ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu, musanyamulenso munthu mpaka hedi itatsegulidwa.