Phunziro: Mwana wa khunyu ndi matenda ena a mu ubongo

Werengani: Yohane 9:1-7

Amayi anzanga, kuno ku Masasa nyumba zathu zili m'zitunda, ndipo mvula ikagwa njira zimaterera. Taganizirani mayi amene wabereka mwana wa zaka 7 wosatha kuyenda, nakwera naye mtunda kukafika pa msewu. Ana ena otere sitiwaona n'komwe, chifukwa amatsekeredwa m'nyumba pothawa maso a anthu. Ophunzira aja anafunsa za amene anachimwa. Ife lero timafunsa za amene analodza. Mafunso onse awiri sachiza mwana.

Kodi matendawa amachokera kuti?

Ubongo wa mwana ukhoza kuvulala pa nthawi yobadwa, makamaka ngati mayi wavutika nthawi yaitali, mwana n'kuchedwa kupuma. Chikasu chachikulu cha khanda, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu ndi malungo okwera ku ubongo nazonso zimasiya chilema. Mwana amachedwa kulimba khosi, kukhala, kukwawa kapena kulankhula. Wina amayamba kukomoka kawirikawiri. Kumeneku ndiko timati khunyu, pa Chitumbuka vizilisi.

Kuyambira mu 1986, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza za malungo a mu ubongo pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Kafukufuku wa komweko wa mu 2010 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka malungowa amatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo. Choncho neti yotetezedwa, katemera ndi kuchilira kuchipatala si zinthu zazing'ono.

Mwana akagwa tichite chiyani?

1. Musathawe. Khunyu sipatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya kapena podyera mbale imodzi.
2. Muchotseni pafupi ndi moto, mbaula, madzi kapena chiphedi.
3. Ikani chitenje pansi pa mutu, mugonekeni cham'mbali kuti thovu lituluke.
4. Musaike supuni, chala kapena madzi m'kamwa mwake, ndipo musamupanikize.
5. Akapitirira mphindi 5 akugwedezeka, akagwanso asanatsitsimuke, kapena thupi likatentha, thamangani naye kuchipatala.

Chithandizo chilipo

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati anthu okwana 7 mwa 10 aliwonse a khunyu akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate amamwedwa tsiku ndi tsiku. Ngozi yaikulu ndi kusiya mwadzidzidzi poona kuti mwana wakhala bwino: kugwa kumabwerera, nthawi zina moopsa kuposa kale. Wosintha mlingo kapena kuletsa mankhwala ndi dokotala yekha.

Mwana wouma kapena wofooka ziwalo alibe mankhwala obwezera ubongo mwakale, koma mafizo, kumukhazika bwino ndi kumudyetsa pang'onopang'ono atakhala tsonga zimamuthandiza kwambiri. Kuyamba msanga ndiko kupindula. Yambani ku chipatala cha Mapale, kumene angakutumizeni ku Mzuzu Central. A St John of God, amene anafika mu Mzuzu mu 1993, ali ndi malo othandizira ana olumala ndi makolo awo.

Udindo wathu

Katundu wolemera amagwera mayi. Geni yake imaima, tulo sagona, achibale amamuloza chala, ndipo mabanja ena amatha kumene. Mayi wotere safuna mawu a chisoni okha. Tingamutungireko madzi, kumukhalira ndi mwana kuti apite kumsika, kusonkha ya thiransipoti pa tsiku la sikelo, ndi kumukumbutsa mankhwala asanathe. Tilankhulenso ndi abambo ndi aphunzitsi, pakuti mwana wa khunyu akamamwa mankhwala amaphunzira ngati anzake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'dera lathu muli mabanja angati otere, ndipo tinawayendera liti?
2. Ndi mawu ati amene timalankhula, opangitsa makolo kubisa ana awo?
3. Sankhani amayi awiri oti ayendere banja limodzi sabata ino, adzatiuze pa msonkhano wotsatira chimene banjalo lapempha.