Ufulu wa Chipembedzo Suchokera ku Boma

Pa 9 February 2023, boma la Daniel Ortega ku Nicaragua lidatulutsa akaidi a ndale 222 ndi kuwakweza ndege ya ku United States. Ambuye Rolando Álvarez, Episkopi wa dayosizi ya Matagalpa, adakana kukwera. Mawa lake khothi lidawagamula kuti akhale kundende zaka 26 ndipo lidawalanda unzika. Mu January 2024 adawathamangitsira ku Roma.

Izi zidachitika m'dziko limene malamulo ake amalonjeza ufulu wa chipembedzo. Nalo bungwe la United Nations lidalemba ufuluwu mu ndime 18 ya chikalata chake cha ufulu wachibadwidwe cha 1948. Mabungwe a maiko adadzudzula boma la Ortega, koma Ambuye Episkopi adakhalabe m'chitolokosi miyezi yambiri.

Mpingo umaphunzitsa kuti ufuluwu gwero lake ndi ulemerero wa munthu amene adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udanena zimenezi mu 1965 m'chikalata cha Dignitatis Humanae. Boma kapena bungwe la maiko onse silipereka ufuluwu, ntchito yake ndi kuuteteza. Likaupondereza, Mkhristu amvere Mulungu koposa anthu, monga adachitira Atumwi (Ntchito 5:29).

Ku Malawi ufuluwu uli mu ndime 33 ya malamulo oyendetsera dziko. Umalimba ngati okhulupirira akuudziwa ndi kuutchinjiriza.

Zokambirana ku Limana: Kodi Mkhristu angachite chiyani lamulo likatsutsana ndi chikumbumtima chake? Sabata ino Limana lililonse lipempherere Akhristu a ku Nicaragua.