PHUNZIRO LA NTCHITO ZA MANJA: KUBOOLA NDI KUWALITSA MIKANDA YA PEMPHERO

Mau owerenga: Eksodo 35:25-26

Pamene ana a Israele ankamanga chihema m'chipululu, amayi aluso nawonso anabwera ndi ntchito ya manja awo, ndipo inalandiridwa m'nyumba ya Mulungu. Nafenso mwezi uno tiphunzira ntchito ya manja: kuboola ndi kuwalitsa mikanda ya dongo la polima pogwiritsa ntchito kamakina kozungulira. Kuumba mikanda ambiri timatha. Pomwe timataya dongo, ndalama za gulu ndi thukuta la tsiku lonse ndi pomaliza, chifukwa cha kupupuluma.

Mikanda yomwe tikupanga

Mikanda ya pemphero ya Chianglikani inayamba m'zaka za m'ma 1980 mu mpingo wa Episcopal ku America, ndipo anaiyambitsa ndi a Lynn Bauman. Imakhala 33, monga zaka zomwe Ambuye wathu anakhala pansi pano. Pali magulu anayi a mikanda isanu ndi iwiri, yonse pamodzi 28. Pakati pa maguluwo pali mikanda inayi yokulirapo, yomwe imaoneka ngati mtanda mukaiyala mozungulira. Wotsala ndi mkanda umodzi woyambira pemphero, umene umakhala pamwamba pa mtanda. Popeza munthu amaigwira tsiku ndi tsiku, iyenera kukhala yosalala m'zala, ndipo mabowo ake akhale oongoka kuti ulusi usaduke.

Dongo lake

Dongo la polima si dongo la kudambo ayi. Ndi pulasitiki wa mtundu wa PVC, wonga wa mapaipi a madzi, wosakaniza ndi mankhwala omufewetsa. Maina odziwika ndi Fimo ya ku Germany ndi Sculpey ya ku America. Siliuma ndi dzuwa. Limalimba likaphikidwa mu uvuni pa madigiri apakati pa 110 ndi 135, malinga ndi mtundu wake. Werengani papaketi ndipo mutsate zomwe alemba. Moto ukapyola, dongo limapserera ndi kutulutsa utsi woipa. Likapanda kupsa bwino, mkanda umafumbutuka pobooledwa. Thireyi yophikira mikanda ikhale yakeyake, osaphikiraponso chakudya.

Musanaphike, lasani mkanda uliwonse pakati ndi singano. Kabowo kameneka ndi njira yomwe kachitsulo koboolera kadzatsate. Mikanda ikapsa, idikireni izizire kotheratu.

Kamakina kake

Kamakina kozungulira kamagwidwa m'dzanja limodzi ngati cholembera chachikulu. Ambiri amakatchula Dremel, dzina la kampani yomwe a Albert Dremel anayambitsa mu 1932 ku Racine, m'chigawo cha Wisconsin ku America, ngakhale makampani ena amapanganso tofanana nato. Kutsogolo kwake kumamangidwa kachitsulo koboolera kapena kagudumu ka nsalu. Timakina tambiri timazungulira kuyambira ka 5,000 mpaka ka 35,000 pa mphindi imodzi.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu: pa dongo la polima, ikani kamakina pa liwiro lotsikitsitsa. Chitsulo chikamazungulira mothamanga chimatentha, ndipo pulasitiki ikatentha imafewa. Zikatero bowo limakula mopotoka, kachitsulo kamamatirira, mkanda n'kusweka. Ine tsiku langa loyamba ndinakweza liwiro kuti ndimalize msanga, ndipo mikanda ingapo yomwe ndinaiumba bwinobwino inathera m'dengu la zinyalala. Akulu anati fulumira adadya gaga.

Kuboola

1. Gobani kadzenje kakang'ono pathabwa lofewa kuti mkanda ukhazikike osagubuduka. Musabowolere mkanda uli pachikhatho kapena pamwendo.

2. Yambani ndi kachitsulo ka milimita imodzi. Kalowetseni m'kabowo ka singano kaja kali chilili, osapendekera.

3. Musakanikize. Kachitsulo kadzidyera kokha. Inu ongolani dzanja basi. Tulutsani kawirikawiri kuti zinyenyeswa zichoke.

4. Mukafika pakati, tembenuzani mkanda muyambire mbali inayo. Mukaboola ulendo umodzi mpaka kutulukira, m'mphepete mwa bowo mumabenthuka.

5. Ngati ulusi wanu ndi wokulirapo, kuzani bowo ndi kachitsulo ka milimita imodzi ndi theka.

Kumbukirani kuti nsonga ziwiri za ulusi zimakumana ndi kudutsira pamodzi mu mkanda waukulu wam'munsi ndi mkanda woyambira pemphero, zisanamangidwe pamtanda. Mikanda iwiri imeneyi imafuna bowo lalikulupo, mwina la mamilimita awiri. Yesani ulusi wopinda pawiri musanaweruke.

Kusalaza

Ntchito imeneyi ndi ya manja, osati ya kamakina. Timiyala ndi tisandipepa tomwe timabwera ndi kamakina n'tokhakhala kwambiri, timadya mkanda m'kamphindi. Gulani sandipepa yosaopa madzi ya manambala 400, 600, 800 ndi 1000. Nambala ikamakula, sandipepa imakhala yosalala. Thirani madzi m'beseni, yambani ndi 400 kuchotsa zidindo za zala, kenako pitani ku nambala yotsatira. Musadumphe nambala, chifukwa iliyonse imafufuta mikwingwirima yomwe inzake yasiya. Madzi amagwira fumbi kuti tisalipume. Mukamaliza, tsukani mikanda ndi kuiumitsa. Beseni likhale kutali ndi kamakina ndi nthambo za magetsi, ndipo manja aume musanagwire kamakina.

Kuwalitsa

Mangani kagudumu ka nsalu yofewa ya thonje. Sipafunika polishi. Lowetsani mkanda pa kawaya kolimba kuti zala zitalikire, yatsani kamakina pa liwiro lotsika lomwe lija, ndipo khudzitsani mkanda pansalu mopepuka, mukuutembenuza osaleka. Mukaugwiritsa pamalo amodzi umatentha ndipo pamatsala chipsera. Ngati mkanda sukuwala, vuto si liwiro. Bwererani ku sandipepa.

Komwe kulibe magetsi musataye mtima. Mkanda wa dongoli ndi wofewa moti mukhoza kuuboola ndi kachitsulo komweko mukukapotokola ndi zala, ndipo kupukuta mwamphamvu ndi nsanza ya jinzi kumauwalitsa ndithu, ngakhale kumatenga nthawi.

Kudziteteza

Chinthu chozungulira sichisankha chokola. Mangani duku bwino, tsitsi lonse lilowe mkati. Nsonga ya chitenje ipisidwe, ndipo vulani mikanda ya m'khosi ndi zibangili. Valani magalasi oteteza maso, pakuti mkanda ukhoza kupulumuka ndi kuuluka. Tchingani mphuno ndi pakamwa poboola. Zulani nthambo kusoketi musanasinthe kachitsulo. Mwana asakhale kumsana kapena pamiyendo ya mayi amene wagwira kamakina. Mayi wina amulandireko.

Ngati gulu lili ndi kamakina kamodzi, gawanani ntchito: ena aumbe, ena asalaze, mmodzi aboole, ena atunge. Sankhani mayi wosunga kamakina ndi tizitsulo take, ndipo alembe m'buku aliyense wobwereka. Katundu wa gulu akasowa mwini amaonongeka msanga, ndipo pamabuka mikangano.

Mikanda imeneyi ikagwidwa ndi wodwala m'chipatala, nkhalamba yomwe maso anachita chidima, kapena mwana wolimbitsidwa kumene. Bowo lopotoka likadula ulusi, mikanda idzamwazika munthu ali pakati pa pemphero. Choncho tidekhe pa mkanda uliwonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani tiyenera kutsitsa liwiro la kamakina?
2. Kodi mu gulu lathu katundu wa tonse timamusamala bwanji?
3. Ndani m'parishi mwathu amene tingamupatse mikanda yoyamba?

Pemphero

Atate wakumwamba, amene munapatsa luso amayi a m'chipululu, dalitsani manja athu ndi kutipatsa mtima wodekha, kuti ntchito yathu ithandize ena kuyandikira kwa Inu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.