Mbaula Igone Panja

Mwezi wa June ndi wa July kumazizira kwambiri. Kaya ndi ku Liwonde, ku Ntaja kapena ku Ulongwe, usiku aliyense amafuna moto. Ambiri tikatha kuphika timalowetsa mbaula m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kugona. Amayi ndi abambo, mchitidwe umenewu umapha anthu.

Mpweya wosaoneka

Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wapoizoni. Pa Chingerezi dzina lake ndi carbon monoxide. Mpweya umenewu si utsi ayi. Utsi umaoneka, umanunkha ndiponso umatsokomoletsa. Koma mpweya uwu suoneka, sununkha, suwawa m'maso. Ngakhale makala atafiira psuu, opanda utsi, mpweyawu umatulukabe.

Tikamapuma, magazi amatenga mpweya wabwino m'mapapo kupita nawo ku mtima ndi ku ubongo. Mpweya wa makala umakakamira m'magazi mwamphamvu zoposa mpweya wabwino ka 200. Motero mpweya wabwino umasowa malo. Munthu wogona samva kanthu. Amangokomoka ali m'tulo, ndipo akhoza kufa kusanache.

Nyumba ya njerwa ndi malata, ya mawindo agalasi, imasunga mpweyawu kwambiri. Zimaipiraipira tikatseka tiziboo ta mpweya ndi nsanza. Koma ngakhale nyumba yaudzu musaidalire. Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewu, choncho izilira panja, kutali ndi zenera.

Mungadziwe bwanji?

Mutu umapweteka. Munthu amamva chizungulire ndi mseru, mwina amasanza. Miyendo imafooka ndipo maganizo amasokonezeka. Ena amayesa malungo. Ena amati chakudya chinali ndi mankhwala, n'kuyamba kuloza zala abale osalakwa. Koma taonani zinthu zitatu izi. Thupi silitentha. Onse ogona m'chipindamo amadwala nthawi imodzi. Akatuluka panja amayamba kupezako bwino. Zikatere, ganizirani mbaula.

Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba ndiwo amapwetekeka msanga. Mwana wakhanda akazizidwa, mufungatireni pachifuwa ndi kumufunditsa. Musamuikire mbaula.

Mukapeza munthu wakomoka

1. Tsekulani chitseko ndi mawindo onse.
2. Mutulutseni msanga. Inu musakhalitse m'nyumbamo.
3. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi.
4. Musamumwetse kanthu. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu.
5. Thamangani naye ku chipatala chapafupi, ngakhale atatsitsimuka.

Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde. Cha Balaka chili pa boma. Mukafika, auzeni adokotala kuti m'nyumba munali mbaula. Mankhwala ake ndi mpweya wabwino wa oxygen umene amapereka kuchipatala.

Kachipangizo kochenjeza

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Koma masiku ano kuli kachipangizo kamene kamaimba ng'oma m'malo mwa mpweyawu. Amakatcha alamu. N'kakang'ono ngati wailesi ya m'manja ndipo kamayendera mabatire. Mpweya woipa ukachuluka, kamalira mokweza mpaka kudzutsa ogona. M'mayiko ozizira, monga ku Britain, kamapezeka m'nyumba zambiri.

Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mukhoza kumupempha kuti akugulireni. Mumuuze kuti mukufuna alamu ya carbon monoxide, chifukwa ya utsi ndi ina. Mumukumbutsenso kuti nayenso asagone ndi mbaula, pakuti ku Johannesburg kumazizira kuposa kuno.

Ikani alamuyo pafupi ndi pogona. Mwezi uliwonse dinizani kabatani kake kuti mumve ngati ikulira. Ikalira usiku, tulukani nonse, osayamba mwakangana. Koma kukhala ndi alamu si chilolezo chogona ndi moto.

Chitetezo chenicheni n'chaulere. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yotsekula. Otherani moto panja. Nthawi yogona ikakwana, zimitsani makala ndi kusiya mbaula kunja.

Mafunso

1. Kodi mpweya wa makala umasiyana bwanji ndi utsi?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za munthu amene wapuma mpweyawu.
3. Kodi mungachite chiyani mutapeza mnansi wanu atakomoka pafupi ndi mbaula?

Ntchito

Lembani mawu awa papepala ndi zilembo zikuluzikulu: MBAULA IGONE PANJA. Kamateni pepalalo pa chitseko chanu, ndipo muwawerengere a m'banja mwanu.